Mapedulo a fulati kapena omangirira phazi: oyenera phiri la Zomba ndi ati?

Mphwanga wina amene timapalasa naye njinga Loweruka anandiimitsa tikupuma pa damu la Mulunguzi masabata angapo apitawo. Anali ataonera mavidiyo a mipikisano pa foni, n'kuona kuti akatswiri ambiri nsapato zawo zimakodwa ku mapedulo, ndiye mtima wake unali utapita kale kumeneko. "Achimwene, kandalama ndasunga. Ndigule amenewo, kapena ndizingopalasa ndi omwewa?" Omwewo anali mapedulo apulasitiki osalala amene anabwera ndi njinga yake ya kaunjika, ina itang'aluka kale pakona. Mitambo inali itayamba kuda kumtunda, choncho ndinangomuuza kuti asathamangire. Yankho lalitali limene ndinalephera kumupatsa tsiku lija ndi ili, ndipo likukhudza aliyense amene njinga yake imakwera phiri lathuli.

Timvane kaye mayina, chifukwa dzina la clipless limasokoneza anthu. Kale othamanga pa njinga ankalowetsa zala zakuphazi m'kakhola kachitsulo komangidwa kutsogolo kwa pedulo, n'kumanga ndi lamba wachikopa. Kakhola kameneko ndiko kanali clip. M'chaka cha 1984 kampani ya Look ya ku France, yomwe inkapanga zomangira nsapato za anthu otsetsereka pa chipale chofewa, inatulutsa pedulo yogwira nsapato popanda kakhola kapena lamba, ndipo Bernard Hinault atapambana nayo mpikisano wa Tour de France mu 1985 anzake anatsatira. Ndiye clipless ikutanthauza kuti kakhola kaja kulibe, koma phazi limagwidwa ndithu. Pansi pa nsapato pamamangidwa kachitsulo kotchedwa cleat, mukaponda kamalowa mu pedulo n'kumveka kuti khethe, ndipo kuti mutuluke mumapotolera chidendene kunja. Kwa ife a m'mapiri nkhani inayamba mu 1990, pamene kampani ya Shimano inatulutsa pedulo yotchedwa SPD, yomwe kachitsulo kake n'kakang'ono, ka mabawuti awiri, kobisika m'kati mwa mphira wa nsapato kuti munthu athe kuyenda pansi.

A fulati ndi opanda chomangira chilichonse. Koma apa ndi pamene ambiri amalakwitsa kuyerekeza. Akamati "a fulati amandipulumuka" amakhala akunena mapedulo a mphira a njinga ya kabaza, kapena apulasitiki ngati a mphwanga uja. Amenewo ndi abwino ponyamula munthu kuchoka pa Chinamwali kupita ku msika, koma mvula ikangowaza amaterera ngati sopo. Pedulo ya fulati ya m'phiri ndi ina: ndi yotakata, pafupifupi masentimita 10 m'litali ndi m'lifupi, yopyapyala, ndipo mbali iliyonse ili ndi timisomali tachitsulo 8 mpaka 12 toluma mphira wa nsapato. Munthu amene sanapondepo yotereyi sanayese fulati n'komwe, ndipo sangaweruze mlanduwu mwachilungamo.

Musanayang'ane zimene zili m'sitolo, yang'anani phirilo. Tawuni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Kukwera ku Ku Chawe ndi mtunda wa tara wautali, wokhotakhota, wosapatsa mpata wopuma. Mukafika pamwamba tara amatha, n'kuyamba misewu ya dothi ya m'nkhalango za paini yopita ku Chagwa, ku Queen's View ndi Emperor's View, mpaka ku Chingwe's Hole, ina yokumbika ndi magalimoto onyamula matabwa. Ndiye pali tinjira ta miyendo, ta mizu ndi miyala, monga Potato Path, pomwe malo ena ngakhale katswiri amatsika n'kuika njinga paphewa. Kuyambira Novembala mpaka Epulo zonsezi zimakhala matope, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa mizu ndi masamba a paini amene amayala pansi. Ulendo umodzi wa pa Zomba uli ndi maulendo atatu m'kati mwake: kukwera pa tara, kutsetsereka pa dothi, ndi kuyenda pansi mukukankha. Palibe pedulo imene imapambana pa onse atatu.

Palinso china chimene mavidiyo akunja saonetsa. Tinjira tathu si ta njinga zokha. Pa kona iliyonse mukhoza kukumana ndi amayi atasenza mtolo wa nkhuni wautali kuposa njinga yanu, bambo akutsitsa matabwa pa kaliyala mabuleki ake ali nsapato, ana ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, kapena gulu la anyani litakhala pakati pa njira. Anthu amenewa ali pa ntchito, ife tili pa masewera, ndiye woyenera kuima msanga ndi ife. Pa fulati phazi limafika pansi musanaganize n'komwe. Pa clipless limafikanso msanga mukazolowera, koma kuzolowerako kumatenga miyezi, ndipo m'miyezi imeneyo amayi a nkhuni aja amakhala ali pa njira pomwepo tsiku lililonse. Kwa ine mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa zonse zimene ndilembe m'munsimu.

Ubwino wachiwiri wa fulati ndi woti amaphunzitsa. Popeza palibe chokugwirani, thupi limakakamizika kupeza lokha njira yokhalira pa njinga. Mumaphunzira kuponda ndi pakati pa phazi osati ndi zala, kutsitsa zidendene pa mtsetse kuti kulemera kwanu kukanikize mapedulo, kufewetsa mawondo kuti miyala isakuponyeni m'mwamba. Mukafuna kudumpha muzu kapena ngalande mumaphunzira kukankha njinga pansi ndi kuinyamula ndi thupi lonse. Amene anayambira pa clipless kawirikawiri amangokoka njinga ndi mapazi, ndipo zimayenda mpaka tsiku limene phazi lituluka ali m'mlengalenga. Pa kona yoterera, wa fulati amatha kutulutsa phazi lam'kati, kulikhudzitsa pansi, n'kulibwezera osataya liwiro. Ndipo zikavuta kotheratu njinga mumaisiya ipite yokha, inu n'kutsala chilili.

Koma walira mvula walira matope. Timisomali tija toluma nsapato timalumanso msongolo. Phazi likapulumuka, pedulo imazungulira n'kukumenyani, ndipo bala lake limakhala lakuya ndithu. Ndili ndi zipsera zingapo pa mwendo wakumanja zochokera m'chaka changa choyamba. Masokosi aatali okhuthala amathandiza, zotchingira msongolo za osewera mpira zimathandiza koposa, ndipo n'zosavuta kupeza. Vuto lina ndi la pa mtsetse wa miyala yambiri. Njinga zambiri zimene tili nazo kuno zilibe sipuling'i kumbuyo, ndiye tayala lakumbuyo likamadumphadumpha mapazi amasuntha pang'onopang'ono mpaka mumapezeka mukuponda ndi chidendene. Kukonza phazi pa timisomali kumafuna kulinyamula kaye, ndipo pakati pa miyala mpata umenewo umavuta kuupeza.

Nkhani ya fulati ndi theka pedulo, theka nsapato, ndipo theka lachiwirili ambiri amaliiwala. Nsapato yoyenera ndi yapansi posalala, ya mphira wofewa, yolimbako pang'ono kuti phazi lisapindike pa pedulo. Zotchuka kwambiri ndi za Five Ten, kampani imene inayambira pa nsapato zokwerera matanthwe, ndipo mphira wake umamata pa timisomali modabwitsa. Koma musadandaule ngati simungazipeze. Pa kaunjika fufuzani nsapato za anyamata a skateboard, monga za Vans, zapansi pa timabokosi ting'onoting'ono. Zimagwira bwino, kungoti timisomali timazidya msanga ndipo zikanyowa zimachedwa kuuma. Zimene muyenera kupewa ndi nsapato zothamangira zokhala ndi mphako pakati, majombo a zidendene zazitali, ndi nsapato za mpira. Zonsezi zimakhudza pedulo pa malo awiri kapena atatu okha. Za masilipasi sindinena n'komwe, zala zanu n'zamtengo wapatali.

Pa mapedulo enieniwo, alipo a aluminiyamu ndi a pulasitiki yolimba ya nayiloni. A nayiloni ndi otchipa, opepuka, ndipo akamenya mwala amangotsetsereka. Kwa ambiri a ife ndi okwanira. Chofunika n'chakuti timisomali take tikhale tachitsulo, tomasula ndi kusintha tikathyoka, osati tija toumbidwa kumodzi ndi pulasitiki, tomwe timafafanizika mwezi usanathe.

Tsopano clipless, ndipo ndisawanamizire, chifukwa ndinapalasa nawo zaka ndipo ndimawabwezerabe pa njinga nyengo yadzuwa ikafika. Pa mtunda wa ku Ku Chawe amakoma. Phazi limakhala malo amodzimodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, nsapato yake ndi yolimba pansi moti mphamvu siitayikira m'kupindika kwa mphira, ndipo mukaimirira kuti mukankhe mwamphamvu palibe mantha oti phazi lipulumuka. Pa chitunda cha miyala, pomwe tayala lakumbuyo lakodwa pa muzu ndipo mwendo umodzi wafika pamalo opanda mphamvu, mumatha kukoka ndi mwendo winawo n'kudutsa. Pa mtsetse wogwedeza uja, njinga yopanda sipuling'i kumbuyo imakhala yomatirira kwa inu, maganizo onse amapita pa njira osati pa mapazi. Pedulo yake ndi yaying'ono, siimenya miyala kawirikawiri. N'chifukwa chake pa mipikisano yamtunda wautali monga Cape Epic ya ku South Africa, yomwe inayamba mu 2004, pafupifupi aliyense amakhala womangirira.

Chimene sindigwirizana nacho ndi nkhani imene ogulitsa amakonda, yoti ndi clipless mphamvu zanu zimawirikiza chifukwa mwendo wina ukamakankha wina umakoka. Popalasa mwa nthawi zonse, mphamvu pafupifupi yonse imachokera pa kukankhira pansi. Mwendo wobwerera m'mwamba umangodzipepukitsa. Kukoka kwenikweni kumachitika kwa masekondi ochepa, pothamanga modzidzimutsa kapena pa chitunda choopsa. Ngati mnzanu amakusiyani pa mtunda wa ku damu, si mapedulo amene akukusiyanitsani. Ndi mapapo ndi miyendo, ndipo zimenezo sizigulidwa.

Amene amati akatswiri onse ndi omangirira amaiwala Sam Hill wa ku Australia. Iyeyu anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wotsetsereka m'phiri mu 2006, 2007 ndi 2010 ali pa fulati, kenaka anapambana mpikisano wa njinga za m'mapiri wa Enduro World Series zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2017 mpaka 2019, pa fulati pomwepo, pomwe opikisana naye ambiri anali omangirira. Mbali inayi kuli Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg, amene anatenga ukatswiri womwewo kanayi, mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021, iye ali pa clipless. Onsewa anatsetsereka m'mapiri oopsa kuposa athu. Ndiye mayina a akatswiri sangatithetsere mlanduwu, mlandu uthera pa matope athu ndi m'thumba mwathu.

Matope ndiwo anandiphunzitsa ine. Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale ndinatsika pa njinga kuti ndidutse pa malo a zithaphwi, ndipo dothi la katondo losakanikirana ndi masamba a paini linadzaza pa kachitsulo ka nsapato. Ndinamenyetsa nsapato pa pedulo mpaka inalowa. Patsogolo pang'ono panali kamtsinje, tayala lakutsogolo linaima pa mwala, ndinapotola chidendene koma phazi silinatuluke. Ndinagwera chammbali n'kutsamira dzanja pa mwala, ndipo ndinakhala milungu itatu osagwira handulo. Liwiro linali la munthu woyenda pansi. Ngozi zambiri za clipless n'zotere, za pang'onopang'ono, zogwera m'mbali, koma pa tinjira tina ta pa phiri m'mbalimo muli phompho, ndipo kuchokera kumtunda uko kukafika kuchipatala m'tawuni ndi ulendo wautali. Kuyenda pansi nakonso n'kovuta. Pa miyala yonyowa ya ku Williams Falls kachitsulo kamaterera, ndipo kukankha njinga pa Potato Path kumakadya msanga.

Ngati mwasankhabe clipless, mitundu imene mungakumane nayo kwambiri ndi iwiri. SPD ya Shimano ndiyo ndimalangiza. Pedulo ngati PD-M520 ndi yolimba, imalowa mbali zonse ziwiri, imakhala zaka, ndipo ili ndi kabawuti kochepetsera kapena kuwonjezera kulimba kwa sipuling'i pogwiritsa ntchito Allen key (kachitsulo ka makona asanu ndi limodzi komasulira mabawuti) ya mamilimita 3. Woyamba kumene amasule kabawutiko mpaka kumapeto kwa chizindikiro chochotsera, mbali zonse ziwiri za pedulo iliyonse, chifukwa mbali iliyonse ili ndi kake. Tizitsulo take tilipo tiwiri. SH51, takuda, timatuluka pokhapokha mwapotolera chidendene m'mbali. SH56, tolembedwa chilembo cha M, timatulukanso mukakokera phazi m'mwamba chopendekera, monga munthu amachitira akadzidzimuka. Yambani ndi SH56. Mtundu winawo ndi wa Crankbrothers, makamaka Eggbeater, yomwe ili ngati chipangizo chopukusira mazira: imalowa mbali zinayi ndipo matope amangodutsa, zimene zikanandipulumutsa tsiku lija. Koma ilibe kabawuti kosinthira kulimba, ndipo tizitsulo take ndi ta mkuwa wofewa, timatha msanga kwa munthu woyenda pansi kwambiri. Tizitsulo ta SPD sitilowa mu Crankbrothers, ta Crankbrothers sitilowa mu SPD.

Pophunzira, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsamirani khoma, lowetsani ndi kutulutsa phazi lililonse kambirimbiri mpaka mwendo uzichita wokha. Kenaka pitani pa bwalo la udzu. Phiri libwere pambuyo. Samalaninso mawondo. Pa fulati phazi limadzipezera lokha mmene likufuna kukhalira, koma pa clipless kachitsulo kakamangidwa mokhota bondo limapotoka pa kuzungulira kulikonse, kambirimbiri pa ulendo umodzi. SPD imalola phazi kusewera pang'ono chabe, madigiri 4 okha. Khalani pa tebulo miyendo ili lende, onani kumene mapazi anu amaloza mwachibadwa, mumange kachitsulo motsatira zimenezo. Bondo likayamba kuwawa, imani mukonze, musapirire.

Pali njira zina ziwiri zimene anthu amafunsa. Mapedulo a mbali ziwiri, kwina fulati kwina SPD, monga PD-M324 kapena PD-EH500, amaoneka ngati athetsa mkangano wonse. Kwa wophunzira wa ku yunivesite amene m'kati mwa sabata amapalasa kuchoka ku Chikanda atavala nsapato wamba, Loweruka n'kukwera tara wa ku Ku Chawe kapena kupita ku Kachulu kunyanja ya Chilwa, ndi abwino ndithu. Pa kanjira ka miyala amakhumudwitsa, chifukwa nthawi imene mukufuna kuponda msanga mbali yolakwika ndiyo imakhala pamwamba, maso n'kuchoka pa njira kupita pa phazi. Kakhola ka lamba kakale kaja kamabwerabe pa njinga zina za kaunjika. Kachotseni musanakwere phiri. Kakamangidwa kamafuna dzanja kuti mutuluke, kakalendewera pansi kamakola mizu.

Za m'thumba. Fulati mumagula chinthu chimodzi, nsapato n'kupeza pa kaunjika, ndipo nsapato zomwezo mumapita nazo ku msika. Clipless mumagula zitatu: mapedulo, tizitsulo, ndi nsapato zokhala ndi mabowo awiri a mabawuti, zomwe saizi yake iyenera kukukwanani ndendende ndipo simungazivale kwina kulikonse. Tizitsulo timatha n'kumafuna tatsopano. Anga ndinachita kutumiza mnzanga amene ankachokera ku Johannesburg, ndipo ndinamupempha atenge mapeyala awiri nthawi imodzi. Bambo amene amandikonzera njinga pafupi ndi msika amatha kumasula pedulo ya fulati, kutsuka timipira tam'kati, kupaka girizi n'kuibweza ikuzungulira ngati yatsopano, koma sipuling'i ya clipless ikathyoka palibe chowotcherera. Ndipo ngati mwapeza nsapato za clipless pa kaunjika, tembenuzani muone pansi. Za mabowo atatu, zosalala ngati mbale, ndi za njinga za pa tara, m'phiri simungayende nazo. Bawuti imodzi ya kachitsulo ikagwa m'njira, kachitsuloko kamangozungulira pansi pa nsapato kali chikodwere mu pedulo ndipo nsapato imakana kutuluka, mpaka mumavula n'kuisiya ili pomwepo. Muziyenda ndi bawuti yapadera ndi Allen key ya mamilimita 4, ndipo muzimanga musananyamuke.

Mphwanga uja ndinamuuza pambuyo pake kuti agule a fulati a nayiloni a timisomali tachitsulo, afufuze nsapato zosalala pansi, ndalama yotsalayo aike pa chipewa choteteza mutu ndi mabuleki, ndipo adutse nawo dzinja lathunthu. Ndinganene zomwezo kwa aliyense amene sanathe chaka m'phiri, kwa amene amakonda tinjira ta mizu kuposa misewu, kwa amene bondo limamuvuta kale, ndi kwa amene njinga yake amabwerekana ndi abale pakhomo. Clipless ndi a munthu amene mitsetse ya pa phiri amaidziwa kale pa fulati, amene maulendo ake ndi a maola anayi kapena asanu a mitunda, kapena amene akukonzekera mpikisano, ndiponso ali ndi njira yopezera tizitsulo tikatha. Ine ndimasintha ndi nyengo: mvula ikayamba ndimamanga a fulati, dothi likauma cha mu Meyi ndimabwezera SPD.

Kusinthako n'kosavuta, koma n'kumene ambiri amawonongera njinga. Njinga zambiri za m'mapiri mabowo ake a mapedulo ndi a 9/16 ya inchi, pomwe za ana ndi zina zotchipa zimene mikono yake ya mapedulo ndi chitsulo chimodzi chopindika ndi a 1/2, ndiye onetsetsani musanagule. Pedulo iliyonse ili ndi chilembo, R yakumanja, L yakumanzere. Yakumanja imamangidwa monga bawuti wamba, koma yakumanzere mazinga ake ndi otembenuza: imalimba mukamazunguliza mobwerera kumanzere. Njira yosaiwalika ndi yoti zonse ziwiri zimalimba sipanala ikamapita chakutsogolo kwa njinga kuchokera pamwamba, ndipo zimamasuka ikamapita chakumbuyo. Pakani girizi pa mazinga, yambani kulowetsa ndi zala zokha maulendo atatu kapena anayi, ndipo ikalimba msanga bwererani, mwaiyamba mokhota. Chitsulo cha pedulo n'cholimba kuposa aluminiyamu wa mkono umene ikulowamo, ndiye mukakakamiza wowonongeka ndi mkonowo. Mukatero malizani ndi sipanala ya 15, kapena Allen key ya 6 kapena 8 kuseri kwake, ndipo mukatsika phiri ulendo woyamba muyesenso ngati zidakali zolimba.